Alangizi a kamangidwe ka tauni angathandize chiyani ku Kasungu?

Kalembera wa 1987 adapeza anthu osakwana 12,000 m'tauni ya Kasungu. Pofika 1998 adali pafupifupi 28,000, ndipo kalembera wa 2018 adawerenga anthu oposa 58,000. Ndiye kuti pa zaka 31 zokha chiwerengerochi chidawirikiza kasanu. Anthu onsewa adafuna pogona, poyala malonda, njira yopitira kuchipatala, potaya zinyalala ndi poikidwa akamwalira. Zambiri mwa izi adadzipezera okha, aliyense pomwe adaona danga, ndipo tauni yomwe tikuyendamo lero idatuluka m'maganizo a anthu zikwizikwi omwe sadakhalepo pansi limodzi.

Tsopano boma likufuna kuti Kasungu ikule mwadala. M'masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, kukula kwa matauni ndi imodzi mwa nsanamira zitatu, pambali pa ulimi wamalonda ndi mafakitale. Bungwe la National Planning Commission lidasankha malo asanu ndi atatu oti akule n'kupepuza mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kasungu ili pamndandandawo limodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Salima ndi Chipoka, Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay, Luchenza komanso Bangula. Nanga pamene nyumba zosanjikizana zikudzuka m'mbali mwa msewu wa M1, minda ya kumalire n'kumasanduka mapuloti, ndani akuona ngati zonsezi zikugwirizana? Mizinda ina ya kunja idayankha funsoli pokhazikitsa gulu la alangizi a kamangidwe ka tauni. Ganizoli si lovuta, kungoti ambiri akalimva amaganiza za komiti yomwe timaidziwa kale, yopereka zilolezo, pomwe ziwirizi n'zosiyana.

Wovomereza ndi wolangiza

Aliyense wofuna kumanga m'tauni amayenera kutenga chilolezo kukhonsolo. Lamulo loyendetsera izi ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Lamulo lakale lija linkagwira ntchito m'madera okhawo omwe boma lidachita kulengeza, pomwe latsopanoli lidati dziko lonse la Malawi ndi malo oyenera kutsata mapulani. Ntchito younika mapulani ili m'manja mwa komiti ya mapulani, ndipo pamwamba pali Komishonala woona za mapulani ku unduna wa zamalo. Wosakhutira ndi chigamulo ali nako kokadandaula.

Komiti imeneyi ili ndi mphamvu. Ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera koma n'kuika mfundo zoti womangayo atsatire, ndipo womanga popanda chilolezo akhoza kuimitsidwa ntchito ngakhale kugumuliridwa. Mafunso ake ndi odziwika. Malowa ndi anu? Adaikidwa kuti akhale a nyumba zogona kapena a malonda? Nyumbayi yatalikira mokwanira kuchokera kumsewu ndi kumalire a mnansi? Chimbudzi chili pati? Maziko ndi denga n'zolimba? Onsewa ndi mafunso oyankhidwa ndi eya kapena ayi, ndipo ndi ofunika. Koma nyumba makumi awiri zikhoza kukhoza mafunso onsewa, iliyonse payokha, n'kupanga msewu wosayendeka zikaima mondondozana.

Lamulo limadziwa za vutoli, n'chifukwa chake limatchula mapulani a magawo osiyana. Pali pulani yaikulu ya tauni yonse, yomwe akatswiri amaitcha structure plan, yosonyeza komwe kudzakhale mafakitale, nyumba, manda ndi misewu ikuluikulu. Pali layout plan, yodula dera limodzi m'mapuloti ndi timisewu. Palinso civic plan, yojambula mwatsatanetsatane malo apadera monga pakati pa tauni. Papepala zonse zilipo. Chovuta n'chakuti mapulaniwa amafuna ndalama ndi akatswiri, amatenga zaka kuti akonzedwenso, pomwe anthu akuumba njerwa chilimwe chilichonse. Tikumbukirenso kuti kuyambira 2005 mpaka chisankho cha patatu cha 2014 dziko lino lidalibe makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo Kasungu sidaime kukula, koma padalibe munthu wosankhidwa ndi anthu woti n'kumufunsa chifukwa chomwe bwalo lamasewera lasandukira mapuloti.

Gulu la alangizi lilibe chidindo. Silivomereza, silikana, siligumula. Ndi anthu ochepa odziwa za kamangidwe, omwe sali pantchito ya khonsolo, amene amaona pulani ikadali papepala, n'kufunsa woijambula mafunso, kenako n'kulemba maganizo awo kuti makhansala ndi ogwira ntchito kukhonsolo awagwiritse ntchito pogamula. Mzinda wa Seattle ku America uli ndi gulu lotere kuyambira 1968, ndipo limaona makamaka zinthu zomangidwa ndi ndalama za anthu monga milatho, mapaki ndi nyumba za boma. Vancouver ku Canada idakhazikitsa lake mu 1973. Mamembala ake amachokera m'mabungwe a ojambula nyumba, mainjiniya ndi omanga, amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo zomwe akambirana zimalembedwa kuti aliyense awerenge. Auckland ku New Zealand idayamba mu 2003, ndipo kumeneko amalimbikitsa womanga kubwera ndi pulani yake msanga, asadapemphe n'komwe chilolezo.

Mfundo ya kubwera msangayi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Ife kuno tidazolowera kukonza tauni zinthu zitamangidwa kale. Nthawi ya Kamuzu Banda nyumba zosaoneka bwino mu Blantyre zinkalembedwa nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe. Mu 2021 anthu a ku Lilongwe adadandaula kwambiri mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta itadulidwa pokuza msewuwo, koma madandaulo adabwera mitengo ili pansi. Kusuntha mzere papepala kumatha pensulo ndi labala. Kusuntha khoma kumafuna chipukutamisozi, apolisi ndi makhoti.

Sitolo imodzi pa M1

Tiyerekeze kuti mlimi wina wapha makwacha pa fodya kumsika wa Chinkhoma, wagula puloti m'mbali mwa M1, ndipo akufuna kumanga sitolo ya zipangizo zomangira pansi, zipinda zogona alendo pamwamba. Pulani yake yakwaniritsa malamulo. Yasiya mtunda wa msewu, womwe pa misewu ikuluikulu ngati M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo injiniya wasainira kuti nsanamira zidzasenza nyumba yapamwambayo. Akafika pamaso pa alangizi, kukambirana kukhoza kuyenda chonchi.

"Bambo, thiraki yobweretsa simenti izidzaima pati potsitsa katundu?"

"Kutsogoloku, bwana, ngati mmene amachitira anzanga onse."

"Ndiye kuti ana ochokera kusukulu azidzalambalala thirakiyo polowa mumsewu wa tala. Kuseriku muli ndi malo. Bwanji mutasunthira nyumbayi pang'ono kumanzere kuti kutsale kanjira kolowera galimoto kumbuyo?"

Kenako angaone khonde. Pothawa madzi a mvula, womanga aliyense amakweza maziko ake kuposa a mnzake, ndiye makonde a masitolo oyandikana amakhala wina pamwamba, wina pansi, pakati pali masitepe atatu kapena dzenje. Munthu wapanjinga ya olumala sangadutsepo, mayi wobereka mwana atasenza dengu naye amatsikira mumsewu, pamodzi ndi a kabaza ndi maminibasi. Lamulo la anthu aulumali la 2012 lidanena kale kuti nyumba zofikamo anthu zizikhala zoti aliyense athe kulowa, koma kanjira kotsetsereka komwe ambiri amaika pakhomo kamakhala kopendekera mwakuti ngakhale wilibala siingakwere. Alangizi angapemphe kuti makonde onse a mzere umenewo akhale pa mulingo umodzi ndipo alumikizane. Si nzeru yachilendo ayi. Masitolo akale a amwenye m'maboma ambiri adamangidwa choncho, ndipo munthu ankayenda mzere wonse osapsa ndi dzuwa, osanyowa ndi mvula.

Pali ngalande. Mwini sitolo amafuna kuti makasitomala aziimika galimoto pakhomo, ndiye amathira konkire pamwamba pa ngalande yonse osasiya potsegula. Chaka choyamba zimaoneka zaukhondo. Chaka chachiwiri mchenga, majumbo ndi zitsononkho zimadzaza mkatimo, palibe wolowetsa fosholo, ndipo mvula ya Januwale imakalowa m'golosale ya mnansi wakumunsi. Kuika zivindikiro zochotseka n'kotsika mtengo ngati munthu wauzidwa asadagule simenti. Palinso magalasi. Masiku ano aliyense akufuna kutsogolo kwa nyumba kukhale galasi lokhalokha ngati za ku Dubai, koma galasi loyang'ana kolowera dzuwa mu Okotobala wa ku Kasungu limasandutsa chipinda ng'anjo, ndipo magetsi akathima mlendo sagonamo. Denga lotulukira kunja pang'ono, mawindo oyang'anizana oti mphepo izidutsa, ndi mtengo umodzi wa mthunzi wosiyidwa pakona zimachita zomwe makina oziziritsa sangachite tsiku lopanda magetsi.

Onani kuti pa zonsezi palibe lamulo lomwe mlimi uja waphwanya, ndipo akhoza kukana malangizo onse. Koma ambiri mwa malangizowo amamupindulira iye mwini, ndipo khonsolo ikaona kuti ena ndi ofunika kwa anthu onse, ikhoza kuwaika ngati mfundo za pachilolezo. Mphamvu ya alangizi imathera pamenepo.

Pomwe pagona nkhani: kudula mapuloti

Kunena zoona, nyumba zambiri za m'matauni athu sizidutsa n'komwe kukhonsolo. Munthu amagula malo kwa mwini munda, mfumu kapena mkulu wa m'dera n'kuchitira umboni, amaumba njerwa pompo, n'kuyamba kumanga chipinda chimodzi chimodzi malinga ndi mmene thumba likulolera. Wotereyu sadzabwera ndi pulani kwa alangizi, ndipo kumukakamiza n'kutaya nthawi. Choncho gulu lomwe lingathere mphamvu zake pa maonekedwe a masitolo khumi a pa M1 lidzakhala litasiya tauni yeniyeni kumbuyo. Kwa ine, ntchito yaikulu ya alangizi ku Kasungu ingakhale kuona mmene malo akudulidwira asadagulitsidwe.

Taganizirani munthu yemwe ali ndi maekala khumi kumalire a tauni. Kwa iye mita iliyonse yosiyira msewu ndi ndalama yotayika. Ndiye amadula mapuloti mothinana, n'kusiya tinjira toti ngolo ingodutsa, ndipo ogula nawo akamamanga mpanda amabako phazi limodzi limodzi. Pakatha zaka khumi derali ladzaza. Ambulansi imaima kutali, wodwala n'kunyamulidwa pamachira. Galimoto yozimitsa moto siilowa, yopopa zimbudzi siilowa, ndipo bokosi la maliro limatulukira pamwamba pa mpanda wa mnansi. A Central Region Water Board akafuna kuyala mapaipi, kapena a ESCOM kuzika mapolo, amapeza kuti palibe podutsa popanda kuboola khoma la munthu. Malo a sukulu palibe, bwalo la mpira palibe, ana amasewera mumsewu. Puloti ikachepa, chitsime cha nyumba iyi chimakhala pafupi ndi chimbudzi cha nyumba inayo, ndipo dziko lino lidaona mu 2022 ndi 2023 zomwe kolera amachita madzi akumwa akasakanikirana ndi zonyansa.

Zonsezi zimagamulidwa tsiku limodzi, tsiku lomwe munthu amayenda ndi chingwe ndi zikhomo m'munda wa chimanga. Likadutsa tsikulo, mzere wa msewu umakhala pomwepo zaka zana. Nyumba zimagwa n'kumangidwanso, eni ake amasintha, koma kanjira kopapatiza kaja sikakula. Alangizi ataona chojambula cha derali msanga angafunse zinthu zochepa chabe. Msewu waukulu wa m'derali ukulumikizana ndi wa dera loyandikana nalo, kapena ukuthera pakhoma? Madzi a mvula akutsikira kuti? Malo a sukulu ndi msika waung'ono asiyidwa pati, ndipo alembedwa m'dzina la yani kuti asadzagulitsidwe mawa? Misewuyo siyenera kuthiridwa tala lero. Chofunika n'chakuti mabikoni azikidwe ndipo malowo asamangidwepo, tala adzabwera ndalama zikadzapezeka.

Nkhani ya madzi ndiyofunika kuimapo pang'ono. Kasungu ili pachigwa chambee chokhala ndi madambo ambiri, phiri la Kasungu lili chilili pakati. Mu Seputembala dambo limaoneka ngati malo abwino, osalala, otsika mtengo, ndipo wogulitsa sanena zomwe zimachitika mu Febuluwale. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Nyumba zikadzaza m'dambo, madzi omwe ankakhala m'menemo n'kumalowa pansi pang'onopang'ono amasowa kopita, ndipo denga lililonse lamalata ndi bwalo lililonse lakonkire zimawonjezera liwiro lake. Tauniyi imamwa madzi a m'damu la Chitete, ndiye chilichonse chomangidwa kapena kulimidwa kumtunda kwa damulo chimatumiza dothi ndi zonyansa m'madzi omwe anthu adzalipire kuti ayeretsedwe. Ndipo amene adaona zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 kwa anthu omanga m'mphepete mwa phiri la Soche ku Blantyre sangaone nyumba zikukwera m'phiri lililonse osadzifunsa kuti malire akhale pati. Khonsolo payokha imavutika kunena kuti apa ayi, chifukwa wokanizidwayo ndi wovota, mwinanso ndi wachibale wa wina wake. Chikalata cha akatswiri osadya nawo za khonsolo chimapatsa khansala poimira.

Msika, depoti ndi a kabaza

Gawo lina lomwe alangizi angathandize ndi zomanga za khonsolo yomwe, kapena za boma ndi mabungwe othandiza. Izi kawirikawiri zimabwera ndi pulani yojambulidwa ku Lilongwe, yofanana boma lililonse, ndipo poti mwini wake ndi boma palibe amene amaifunsa mafunso. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Dongosolo. Kuyambira pamenepo makhonsolo akhala akuthamangitsana ndi mavenda chaka ndi chaka, ndipo nthawi zonse mlandu umagwera mavenda kuti ndi osamva. Koma mukafunsa mayi wogulitsa tomato chifukwa chomwe wasiyira shedi yabwinobwino n'kukayala pansi pafupi ndi depoti, yankho lake ndi la kamangidwe: kushediko sikudutsa anthu. Wogula tomato wa ndiwo zamadzulo sachita ulendo wapadera, amagula potsika minibasi. Msika womangidwa kuseri, wa chipata chimodzi, wopanda madzi, chimbudzi chili chokhoma ndiponso kopanda nyale usiku, udzakhala wopanda anthu ngakhale utapakidwa penti wokongola bwanji.

Wojambula waluso amayamba waima pamalopo kuwerenga mapazi: anthu akuchokera kuti, akulowera kuti, nthawi yanji. Alangizi angafunse ngati izi zidachitika. Angafunsenso za moto, poti misika ingapo m'dziko muno idapsapo ndipo nkhani imakhala yomweyomweyo, mabenchi amatabwa othinana, mawaya amagetsi olumikiza mwachisawawa, ndi njira zoti galimoto yozimitsa moto siingalowe.

A kabaza nawo ndi gawo la tauni lomwe mapulani ambiri amachita ngati kulibe. Ku Kasungu njinga zakapalasa ndi zamoto ndizo zimanyamula anthu ambiri tsiku ndi tsiku, koma misewu imajambulidwa poganizira galimoto, wanjinga n'kumapatsidwa mphepete modzaza mchenga. Siteji ya kabaza imadzikhazikitsa yokha pamphambano, pomwe pali makasitomala, pomweponso ndi pomwe pamachitika ngozi. Kuwathamangitsa sikuthandiza, mawa abweranso. Kuwasiyira malo pafupi ndi mphambanoyo, kunja kwa msewu pang'ono, pansi pa mthunzi, ndi nkhani ya mamita ochepa papulani. Ndipo poti M1 imadutsa pakati penipeni pa tauni, mathiraki a ulendo wautali akusakanikirana ndi ana asukulu, tsiku lina funso la msewu wolambalala lidzabuka. Mzere wake ukapanda kusungidwa lero, udzapezeka uli ndi nyumba mazanamazana zofuna chipukutamisozi.

Akhalemo ndani, ndipo chingalakwike n'chiyani?

Akatswiri alipo. Yunivesite ya Mzuzu ndi ya MUBAS ku Blantyre zimaphunzitsa okonza mapulani a matauni ndi oyeza malo, MUBAS imaphunzitsanso ojambula nyumba, ndipo pali mabungwe awo monga Malawi Institute of Physical Planners, Malawi Institute of Architects ndi Malawi Engineering Institution omwe angasankhe anthu. Ambiri mwa akatswiriwa amakhala m'mizinda ikuluikulu, koma kuchoka ku Lilongwe kufika ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo wopita m'mawa n'kubwerera madzulo. Kubwera kuchokera kunja kuli ndi ubwino wake. M'tauni yaing'ono ojambula mapulani ndi owerengeka, onse amadziwana, ndipo n'zovuta kuti munthu adzudzule pulani ya mnzake yemwe amapemphera naye mpingo umodzi. Choipa kwambiri ndi pamene wojambula pulani usiku ndi yemweyo woiunika masana. Membala aliyense yemwe ntchitoyo ikumukhudza ayenera kunena poyera n'kutuluka m'chipindamo.

Koma akatswiri okhaokha sakwanira. Injiniya wobwera mu Ogasiti sadziwa pomwe madzi amaima mu Febuluwale, pomwe mzimayi yemwe wakhala m'derali zaka makumi atatu akhoza kuloza ndi chala. Pafunika munthu wa kumsika, wa kabaza, woimira anthu aulumali, ndi wina wochokera kwa mafumu ozungulira tauni. Apa pali msampha wina. Tikayamba kuwerenga magulu onse oyenera kuimiridwa, mipando imafika makumi atatu, msonkhano n'kusanduka wa malonje ndi mapemphero, pulani osatsegulidwa. Gulu la anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi, lomwe limaitana anthu a m'dera lokhudzidwalo tsiku lokambirana za kwawo, lingagwire ntchito kuposa chikhamu. Makomiti a chitukuko a m'mawodi alipo kale, ndipo ndiwo khomo lolowera kwa anthuwo.

Za alawansi tisachite kubisa. Komiti zambiri m'dziko muno zimakumana pokhapokha pali envulopu, ndipo thandizo la bungwe likatha nazo zimafa. Khonsolo ya tauni imadalira ziphaso za mumsika, malaisensi a bizinesi ndi msonkho wa malo ndi nyumba, ndalama zomwe sizikwanira ngakhale kutolera zinyalala mokwanira. Gulu lomwe likufuna hotela ya kunyanja kuti liunike pulani ya depoti ya Kasungu ndi bwino lisayambe n'komwe. Kubweza ndalama ya mafuta ndi chakudya chamasana n'kokwanira, msonkhano uchitikire m'holo ya khonsolo, ndipo theka la tsikulo likhale loyenda pamalo pomwe pakukambidwapo.

Vuto lina ndi kuchedwetsa. Anthu ambiri amamanga popanda chilolezo osati chifukwa chokonda kuphwanya lamulo, koma poti ndalama ya fodya kapena ya soya ikafika m'manja siidikira. Ukaisunga miyezi isanu ndi umodzi podikira chidindo, mtengo wa simenti wakwera, ina yapita kumaliro ndi kufizi. Alangizi akasanduka khomo lina loti munthu agogodepo, adzangochulukitsa omanga usiku, mwinanso kutsegula njira ina ya ziphuphu. N'chifukwa chake m'pofunika kulemba momveka kuti ndi ntchito ziti zopita kwa iwo: kudula malo aakulu, nyumba zosanjikizana, malo omwetsera mafuta, misika, madepoti, misewu, ndi chilichonse choyandikira damu, dambo kapena phiri. Nyumba ya zipinda zitatu ya mphunzitsi isawafike. Ndipo pakhale masiku owerengeka oti akapanda kuyankha, pulani ipitirire.

Ndimaopanso alangizi okonda zokongola. N'kosavuta kuti anthu ophunzira akhale tsiku lonse akukangana za mtundu wa penti ndi maonekedwe a zikwangwani, kapena kuika miyezo yoti wosauka sangaikwanitse, ngati kuti tauni yabwino ndi yomwe osauka sakuoneka. Puloti ikalamulidwa kukhala yaikulu kwambiri, wogulitsa mandasi sangaigule, ndipo amakamanga kudambo komwe kulibe wofunsa. Malangizo abwino kuno ndi omwe amalola munthu kuyamba ndi chipinda chimodzi pamalo ovomerezeka, msewu ndi ngalande zitasungidwa.

Nanga poti alangizi alibe chidindo, chingaletse khonsolo kuponya malangizo awo m'kabati n'chiyani? Palibe, koma kuwala kokha. Makhansala ndiwo adasankhidwa, ndipo n'koyenera kuti mawu omaliza akhale awo. Chomwe chingasinthe zinthu ndi lamulo laling'ono la khonsolo lonena kuti malangizo aliwonse alembedwe m'Chichewa chomveka, apachikidwe pabolodi la zidziwitso ndi pamsika, awerengedwe pawailesi ya m'dera, ndipo khonsolo ikasankha kuwakana ilembe zifukwa zake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho mtolankhani kapena nzika wamba ali ndi poyambira pofunsa zikalatazo. Munthu wamphamvu yemwe akufuna kumanga malo omwetsera mafuta pabwalo la ana akhozabe kupambana, koma dzina la aliyense wovomera lidzakhala papepala limodzi ndi chenjezo lomwe adalinyalanyaza.

Chotsala ndi malire. Malo a m'matauni a dziko lino sali m'dzanja limodzi. Ena ndi a unduna wa zamalo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, ena ali pa lizi ya anthu ndi makampani, ndipo ukangotuluka pang'ono wafika pa malo a makolo, omwe malamulo a zamalo a 2016 adawaikira makomiti awoawo. Lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu isagwire ntchito mkati mwa mzinda kapena tauni popanda chilolezo cha khonsolo, komabe wogula malo amathamangira kwa mfumu poyamba, chifukwa ndiyo idzamuweruzire mlandu wa malire ndi kumupatsa manda. Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya tauni ndi ya boma lonse, ndipo mapuloti otsika mtengo, omwe akudulidwa mofulumira, nthawi zambiri amakhala kutsidya kwa mzere wolekanitsa awiriwa, m'madera a mafumu monga Kaomba ndi Mwase, ndi m'minda ikuluikulu ya fodya yomwe eni ake angaganize zoigawa. Gulu lolangiza khonsolo ya tauni yokha lidzakhala likuona mapulani a dera lomwe ladzaza kale. Kuti lifike komwe zingwe ndi zikhomo zili lero, makhonsolo awiriwa ayenera kulikhazikitsa limodzi, ndipo mafumu a kumalireko akhalepo kuyambira tsiku lolemba ntchito zake.